KUTETEZA MIYENDO YA WODWALA POSOKA MTSEMPHA WAUKULU WA M'CHIFUWA

Pali opaleshoni ina imene imachitika m'chifuwa, koma nkhawa yaikulu ya madokotala poichita imakhala pa miyendo ya wodwala. Munthu amatha kulowa m'chipinda cha opaleshoni akuyenda yekha, ntchito ya m'chifuwamo nkutheka bwino lomwe, mtima nkumagunda monga mwa masiku onse, koma potsitsimuka ku tulo ta mankhwala nkupezeka kuti miyendo yake yonse iwiri yafa. Mpeni wa dokotala sunakhudze mwendo ngakhale fupa la msana. Chimene chimadzetsa tsoka limeneli chinadziwika kalekale, koma panatenga zaka zoposa 50 kuti njira zolipewera zikhwime.

Mtsempha umene umatupa

Magazi amene mtima umapopera ku ziwalo za thupi, kuyambira kumutu mpaka ku zala za kumapazi, amatulukira mu mtsempha umodzi waukulu umene madokotala amautcha aorta. Mtsemphawu ukachoka mumtima umayamba wakwera pang'ono, kenaka umapindika ngati chigwiriro cha ambulera, nkutsika m'chifuwa motsamira fupa la msana cha kumanzere. Umadutsa m'mimba mpaka pafupi ndi mchombo, pamene umagawikana pawiri kulowera ku miyendo. Kwa munthu wamkulu, m'lifupi mwake ndi masentimita 2 kapena 3, ndipo pa mphindi iliyonse mumadutsa magazi okwana malita 5 munthuyo atangokhala pansi.

Aliyense amene anapalasapo njinga ya tayala lakutha amadziwa chotupa chimene chimatuluka pamalo pamene tayalalo lafooka. Mtsempha uwu nawo ukafooka pena pake umafufuma chimodzimodzi, ndipo chotupacho m'Chingerezi amati aneurysm. Chimakula pang'onopang'ono chaka ndi chaka. Zimene zimafoketsa mtsempha kawirikawiri ndi kuthamanga kwa magazi kumene kwakhala zaka zambiri kosalandira mankhwala, kusuta fodya, ndi ukalamba. Ena amabadwa ndi mitsempha yofooka, monga anthu a nthenda yotchedwa Marfan, amene amakhala aatali, a mikono ndi zala zazitali. Chindoko chimene sichinachizidwe chimathanso kudya mtsemphawu patapita zaka 10 kapena kuposerapo, makamaka chigawo chake cha pafupi ndi mtima, mwini wake ataiwala kale za chilonda chimene chinapola chokha ali mnyamata. Ku South Africa madokotala anapezanso zotupa zotere m'mitsempha ikuluikulu ya anthu achinyamata okhala ndi kachilombo ka HIV.

Choipa chake nchakuti nthawi zambiri chotupachi sichipweteka. Ena amamva kuwawa m'chifuwa kapena pamsana pakati pa mapewa, ena mawu amasasa popanda chimfine, ena amavutika kumeza nsima. Ambiri chimapezeka mwangozi pamene ajambulidwa m'chifuwa pofufuza nthenda ina monga chifuwa chachikulu. Chikaphulika, magazi amatayikira m'kati mofulumira kwambiri, ndipo ochuluka amamwalira asanafike kuchipatala. Nchifukwa chake chotupa chikafika masentimita 5.5 kapena 6 m'lifupi, madokotala amalangiza kuti chigawo chofookacho chichotsedwe, nkuikapo chubu cha nsalu yolimba yotchedwa Dacron. Ntchito imeneyi si ya pa chipatala chaching'ono. Imafuna chipatala chachikulu chokhala ndi makina opopa magazi, magazi ochuluka osungidwa, ndi chipinda cha odwala mwakayakaya.

Chingwe cha mumsana ndi magazi ake

Amene anasendapo mbuzi kapena ng'ombe anaona chinthu choyera, chofewa ngati ubongo, chimene chimakhala m'kati mwa mafupa a msana. Munthu nayenso ali nacho chingwe chimenechi. Chimachokera ku ubongo nkutsika masentimita pafupifupi 45, nkuthera cha m'munsi pang'ono mwa nthiti zomaliza. Kunenepa kwake sikuposa chala chaching'ono cha kudzanja. Uthenga wonse wochokera ku ubongo wouza mwendo kuti uyende umadzera mmenemu. Munga ukabaya phazi, ululu umakwerera mmenemunso. Ngakhale kugwira mkodzo ndi chimbudzi mpaka munthu atafika pamalo oyenera kumadalira chingwe chomwechi.

Chingwechi chimalandira magazi kuchokera ku timitsempha titatu timene timatsika m'mbali mwake, kamodzi kutsogolo, tiwiri kumbuyo. Ka kutsogoloko kamadyetsa magawo awiri mwa magawo atatu a chingwe chonse, kuphatikizapo chigawo choyendetsa miyendo. Koma nkakang'ono, sikaposa kamtengo ka machesi, ndipo sikangathe kunyamula magazi kokha kuchokera m'khosi mpaka m'chiuno. Panjira pake kamaonjezeredwa magazi ndi timitsempha tina tochokera ku mitsempha ya pakati pa nthiti ndi ya m'mbali mwa msana. Mitsempha imeneyi ndi nthambi za aorta, ndipo imaphuka m'chigawo chomwe chija chimene chimakonda kutupa. Nthambi ina imakhala yaikulu kuposa zinzake. Katswiri wina wa ku Poland, Albert Adamkiewicz, anaifotokoza m'chaka cha 1882, ndipo mpaka lero imatchedwa ndi dzina lake. Kwa anthu ambiri imatulukira kumanzere, cha ku nthiti za m'munsi.

Dokotala sangasoke mtsempha umene magazi akuthamangamo. Amayamba waupana ndi zitsulo zopanira, china pamwamba pa chotupa, china m'munsi mwake. Zili ngati kutseka mtsinje kuti anthu akonze ngalande: madimba onse a kumunsi amauma mpaka madzi atatsekulidwanso. Ziwalo zina zimapirira. Minofu ya miyendo imatha kukhala maola angapo popanda magazi nkudzatsitsimuka. Chingwe cha mumsana sichitero ayi. Pakangodutsa mphindi pafupifupi 30, ngozi yakuti chionongeke imayamba kukula, ndipo chimene chafa mmenemo sichiphukanso. Vuto lachiwiri ndi lakuti chigawo cha mtsempha chimene chikuchotsedwa chimapita pamodzi ndi makomo a nthambi zija, ndipo chubu cha nsalu chilibe nthambi.

Dokotala wa ku France, Alexis Carrel, amene ankagwira ntchito ku New York, anaziona zimenezi m'chaka cha 1910 poyesa opaleshoniyi pa nyama. Anachenjeza kuti ngozi yaikulu sichokera mumtima kapena mu mtsemphamo, koma m'chingwe cha mumsana. M'chaka cha 1953 madokotala awiri a ku Houston m'dziko la America, Michael DeBakey ndi Denton Cooley, anachotsa chotupa cha mtsempha wa m'chifuwa nkulumikizapo chigawo china, wodwalayo nkuchira. Mnzawo wa mumzinda womwewo, Stanley Crawford, anatha zaka zambiri akusoka zotupa zoyambira m'chifuwa nkukafika m'mimba. M'chaka cha 1993 panatuluka lipoti la odwala ake 1,509. Mwa odwala 100 alionse, 16 anafa miyendo kapena anatsala ndi miyendo yofooka, ndipo mwa amene zotupa zawo zinali zazitali koposa, chiwerengerocho chinafika 31. Awa anali manja a katswiri wodziwika pa dziko lonse. Kufulumira kwa dokotala pakokha kunali kosakwanira.

Zimene amachita m'chipinda cha opaleshoni

Njira yoyamba ndi yolambalala. Madokotala amalowetsa paipi kumanzere kwa mtima, nkutenga magazi ena kuwapititsa m'makina opopa, ndipo makinawo amawabwezera m'thupi m'munsi mwa malo opanidwawo. Motero impso, matumbo, miyendo ndi chigawo cha m'munsi cha chingwe chija zimalandirabe magazi dokotala ali mkati mosoka. Chotupa chikakhala chachitali, sachipana chonse nthawi imodzi. Amapana kachigawo kochepa, nkusoka, nkusuntha zopanirazo kutsika nazo. Akafika pa nthiti za m'munsi, pamene nthambi zofunika zimatulukira, amaboola chubu cha nsalu chija nkusokererapo makomo a nthambizo kuti magazi ayambenso kulowamo.

Amaziziritsanso thupi. Nyama yosungidwa pozizira imachedwa kuonongeka, ndipo chingwe cha mumsana nacho chikazizira sichifuna mpweya wochuluka, choncho chimapirira nthawi yaitaliko. Thupi la munthu limatentha madigiri 37, koma pa opaleshoniyi amalilola kutsika kufika pa 32 kapena 34. Pa zotupa zina zovuta amalitsitsa kufika cha m'ma 18, makina nkumagwira ntchito ya mtima ndi mapapo. Nthawi yonseyi dokotala wogonetsa amakhala akuyang'anira kuthamanga kwa magazi kuti kusatsike, ndipo magazi amene atayika amabwezeredwa msangamsanga.

Njira imene iyenera kufotokozedwa mwachifatse ndi yochotsa madzi a mumsana. Ubongo ndi chingwe cha mumsana zimakhala m'madzi oyera mbee, okwana pafupifupi mamililita 150, ndipo zonsezi zinatsekeredwa m'mafupa amene satambasuka. Mtsempha waukulu ukapanidwa, madziwa amayamba kukankha mwamphamvu, ndipo chingwe chimene chasowa magazi chimatupa, malo nkucheperachepera. Magazi ofuna kulowa m'chingwemo amakhala ngati munthu amene akutsekula chitseko pamene wina akuchikankha ali m'kati. Pali njira ziwiri zomuthandizira munthu wotere: kumuonjezera mphamvu, kapena kumuchotsa wa m'katiyo. Kukweza kuthamanga kwa magazi ndiko kuonjezera mphamvu. Kuchepetsa madzi a mumsana ndiko kumasula chitseko.

Opaleshoni isanayambe, dokotala amabaya singano m'munsi mwa msana nkusiyamo kapaipi kakang'ono kofewa, kolumikizidwa ku kabotolo koyezera. Mphamvu ya madziwo amaisunga pafupi ndi 10 pa muyeso womwe uja umene amayezera kuthamanga kwa magazi. Madzi amadontha pang'onopang'ono, kawirikawiri osaposa masipuni aang'ono 2 kapena 3 pa ola. Munthu sangaume nazo, pakuti thupi limapanga madzi amenewa okwana theka la lita tsiku lililonse. Nzeru imeneyi inayesedwa pa agalu ku Japan m'chaka cha 1960 ndi ku America m'chaka cha 1962, koma madokotala anakhala akutsutsana za phindu lake kwa zaka zambiri. M'chaka cha 2002 Joseph Coselli ndi anzake ku Houston anafalitsa zotsatira za odwala 145 a zotupa zazitali amene anawagawa pawiri mwa maere. Mwa odwala 69 amene sanaikidwe kapaipi, 9 anafa kapena kufooka miyendo. Mwa 76 amene anaikidwa, anali 2 okha.

Pano mpoyenera kutchulapo za mantha amene anthu ambiri ali nawo m'zipatala za m'dziko muno. Mwana akadwala nthenda youmitsa khosi, adokotala nkupempha kuti atengeko madzi a pamsana akayezedwe, makolo ena amakana, ati singanoyo imapha kapena kupundula. Manthawa ali ndi poyambira pake. Kuyeza kumeneku kumachitika kawirikawiri pa odwala amene matenda awakula kale, ndipo wina akamwalira mawa lake, abale amakumbukira singano nkuiwala nthenda imene inawatengera kuchipatala. Koma singano imeneyi imalowa m'munsi mwa pamene chingwe chimathera. Ndipo pa opaleshoni ya mtsempha waukulu, malo omwewo ndi amene amabayidwa dala pofuna kuti munthu adzayendenso ndi miyendo yake. Izi sizikutanthauza kuti kapaipi kokhala mumsana masiku angapo kalibe ngozi zake. Madzi akatuluka ochuluka mofulumira, mutu umawawa kwambiri, ndipo mwa apo ndi apo magazi amatha kutayikira m'mutu. Tizilombo tingathenso kulowera pa kapaipipo. Nchifukwa chake kabotolo kaja sakagwira wina aliyense koma namwino wophunzitsidwa, ndipo ngakhale kukweza kapena kutsitsa bedi la wodwalayo kumayamba kwafunsidwa kwa iyeyo.

Wodwala ali m'tulo sangafunsidwe ngati miyendo ikugwira. M'malo mwake amamuika timawaya pamutu ndi pa minofu ya miyendo. Kamphamvu kochepa ka magetsi kamatumizidwa pamutu, ndipo chingwe chikakhala chamoyo, minofu ya kumiyendo imayankha, yankholo nkuoneka pa makina. Yankho likayamba kuzilala, onse m'chipindamo amadziwa kuti chingwe chikusowa magazi ndipo mpata wochipulumutsa ndi wa mphindi zochepa. Amakweza kuthamanga kwa magazi, amatulutsako madzi ena, kapena dokotala amabwerera nkukasokerera nthambi imene anali ataisiya.

Opaleshoni yosatsekula chifuwa

Masiku ano zotupa zambiri za m'chigawo chotsika cha mtsemphawu zimakonzedwa popanda kung'amba chifuwa. Dokotala amaboola mtsempha wa m'mphechepeche mwa ntchafu, nkulowetsamo chubu cha nsalu chokhala ndi timawaya, chopindidwa bwino. Amachikankha kukwera nacho akuyang'ana pa makina ojambulira, ndipo chikafika pa chotupa amachimasula kuti chitambasuke nkugwira m'mbali mwa mtsempha. Magazi amayamba kudzera m'chubumo, chotupa nkutsala kunja. Woyamba kuchita zimenezi pa mtsempha wa m'chifuwa anali Nikolai Volodos ku Kharkiv m'dziko la Ukraine m'chaka cha 1987, ndipo njirayi inatchuka pamene Michael Dake ndi anzake a ku Stanford anafalitsa za odwala 13 m'chaka cha 1994.

Popeza mtsempha supanidwa, ngozi ya miyendo imachepa, koma siitheratu, chifukwa chubucho chimaphimba makomo a nthambi zija ndipo palibe mpata wozisokerera. Ngoziyo imakula ngati chigawo chophimbidwa nchachitali, ngati wodwalayo anasokedwapo kale mtsempha womwewo m'mimba, kapena ngati chubu chatseka mtsempha wopita ku mkono wa kumanzere. Pa njira imeneyi zipatala zambiri zimaika kapaipi ka mumsana kwa odwala okhawo amene ngozi yawo ndi yaikulu.

Funso limene linkazunguza madokotala linali lakuti, ngati nthambi ya Adamkiewicz ndi yofunika chotero, bwanji odwala ambiri amene nthambiyo yaphimbidwa amadzuka nkuyenda? Randall Griepp ndi anzake ku New York anayankha pofufuza nkhumba. Anapeza kuti m'minofu ya m'mbali mwa msana muli timitsempha tosawerengeka tolukanalukana ngati tinjira ta pamudzi, timene timalandiranso magazi kuchokera ku mitsempha ya kumikono ndi ya m'chiuno. Msewu waukulu ukatsekedwa, magazi amadzera m'tinjiramo, ndipo pakapita masiku ochepa timatambasuka nkuyamba kunyamula magazi ochuluka. Chimene timafuna ndi nthawi. Pachifukwa ichi chotupa chachitali ena amachikonza pawiri: chigawo china lero, chotsalacho patapita milungu ingapo. Wodwala angadandaule kuti akumugoneka kawiri pa nthenda imodzi, koma kudikirako kuli ndi cholinga.

Palibe imodzi mwa njira zonsezi imene imakwanira payokha, ndipo ngakhale zitaphatikizidwa, dokotala woona mtima salonjeza kuti ngozi palibe. Komabe kusintha kwake nkoonekeratu. M'chaka cha 2016 gulu la Coselli linafalitsa za maopaleshoni 3,309 otsekula chifuwa ndi mimba. Amene anafa miyendo kotheratu anali pafupifupi 3 mwa 100 alionse, ndipo ena 2 kapena 3 mwa 100 anatsala ndi miyendo yofooka.

Masiku otsatira

Abale amapuma opaleshoni ikatha, koma anamwino ndiye amayamba ulonda. Wodwala amadzutsidwa msanga ndi cholinga chakuti miyendo iyesedwe. Ola lililonse, usana ndi usiku, namwino amamuuza kuti akweze mwendo uwu, kenaka winawo, ndi kugwedeza zala za kumapazi. Wodwala amatopa nazo, ena amakwiya kumene, koma pali chifukwa. Munthu amatha kudzuka miyendo ikugwira bwinobwino, nkudzafooka pa tsiku lachiwiri kapena lachitatu, nthawi zina patapita mlungu. Tinjira tija timakhala tisanatambasuke mokwanira, ndipo chingwe chimakhala chikudalira magazi ongokwanira. Kuthamanga kwa magazi kukangotsika chifukwa cha kutaya magazi, kutentha thupi, kapena mtima wogunda mosalongosoka, chingwecho chimayamba kufa.

Kufooka kobwera mochedwaku kuli ndi ubwino umodzi: kukadziwika msanga, nthawi zambiri kumabwezeka. Wodwala amagonekedwa chagada, madzi a mumsana amatulutsidwanso, kuthamanga kwa magazi kumakwezedwa ndi mankhwala kupitirira pamene kumakhala masiku onse, amapatsidwa mpweya, ndipo amaikidwa magazi ngati achepa. Odwala ena amene miyendo inali italeka kugwira amayambanso kuikweza patangopita maola ochepa. Koma zikazindikirika m'mawa pamene zinayamba madzulo, mwayi umakhala utachepa kwambiri. Apa mpamene m'bale wodikirira wodwala amathandiza. Wodwala akanena kuti mwendo walemera, wachita dzanzi, kapena kuti mkodzo watuluka wokha, si nkhani yodikira adokotala adzayendere odwala m'mawa, ndiponso si ya kusisita mwendo ndi madzi ofunda. Namwino auzidwe nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku.

Kapaipi ka mumsana kamachotsedwa pakatha masiku 2 kapena 3, atayamba akatseka kwa maola angapo kuti aone ngati miyendo ikhalabe bwino. Chimene chimadabwitsa odwala ambiri ndi chakuti mankhwala otsitsa kuthamanga kwa magazi, amene anauzidwa kuti asamadumphitse ngakhale tsiku limodzi, amaimitsidwa kapena kuchepetsedwa kwa kanthawi. Adokotala ndiwo amanena tsiku loyambiranso kumwa ndi kuchuluka kwake, ndipo wodwala amene wabwerera kumudzi ayenera kutenga kalata yake ya kuchipatala chachikulu nthawi iliyonse imene akupita kukayezetsa pa chipatala cha kwawo, kuti amene akumuyezawo adziwe mlingo umene anauzidwa kusunga.